Nyanga Ina Yofiira, Ina Yakuda

Sipanala ataona njinga ija ikudutsa pawindo la shopu yawo yokonzera njinga, anaponya kansanza patebulo n'kuusa moyo. Dzina limeneli anamupatsa ndi makasitomala a bambo ake iye akadali kamtsikana, poti m'thumba la ovololo yake simunkasowa sipanala, ndipo linamukakamira mpaka dzina lenileni linatsala la amayi ake okha.

Wokankha njingayo anali Bakha, chibwenzi chake, mphunzitsi wa sayansi wamtali ngati mtengo wa magetsi. Mtima wake wonse unali pa mpikisano wa patatu, uja amayamba n'kusambira, kenako kupalasa njinga, n'kumalizira kuthamanga wapansi, zonse tsiku limodzi osapuma. Anzake anamutcha Bakha chifukwa m'madzi anali katswiri, koma pamtunda ankayenda ngati mapazi ndi obwereka.

"Yamasukanso," anatero Bakha, maso ali kudenga.

Kutsogolo kwa handulo ya njinga zamtunduwu kumakhala timapaipi tiwiri toloza kutsogolo, tokhala ndi timapilo toikapo zigongono. Wopalasa amagonerapo chowerama kuti mphepo isamamubweze. M'shopumo ankangoti nyanga. Tepi yofewa yomwe Sipanala anakulunga panyangazo, kuti manja onyowa asamaterereke, inali ikulendewera ngati khoko la nthochi.

"Yamasuka yokha?"

"Yokha. Ndangotuluka m'madzi, manja ali chinyowere, kungogwira basi..."

"Tepi yanga simasuka yokha. Iyi yachita kukandidwa. Onetsa zala."

Bakha anabisa manja kumbuyo. Sipanala anazungulira, nagwira dzanja lamanja n'kulitembenuza. M'chikhadabo munali zomata zakuda tho.

"Mwezi uno ndakulunga njinga yako kuposa njinga za m'tauni muno zonse. Ukafuna kundiona, bwanji osangobwera? Pano palibe galu woluma."

"Alipo bambo ako."

Sipanala anamuyang'ana diso lomwe linamuchititsa kumeza malovu. Anakoleka njinga pachitsulo chokonzerapo, nasenda tepi yakale, napukuta zomata ndi sipiriti mpaka nyanga zonse zinati mbee. Kenako anatenga mpukutu watsopano, wofiira. Anayambira kunsonga, pafupi ndi posinthira magiya, akuzunguliza uku akukoka, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake. Pomwe nyanga imapindika ankachepetsa mipata kuti chitsulo chisasuzumire.

"Nkhani ija ili pati?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Nkhani iti?"

Tepi inalira chifukwa cha kukokedwa.

"Yoti makolo ako abwere kwathu adzadziwane ndi anga."

"Aa, imeneyo! Mpikisano ukangotha, ndithu."

"Unanenanso choncho mpikisano wapita uja usanachitike. Ndi wina uja unasupula bondo."

"Koma uno ndi waukulu, Sipanala. Ukudziwa kuti ndikatsitsa nyangazi pang'ono chabe, mphepo yomwe imandimenya pachifuwa..."

Anayamba kufotokoza za mphepo, manja akuuluka m'malere. Munthuyu akanatha kulongosola mphepo mpaka dzuwa kulowa, koma kuti atsegule pakamwa kwa makolo, lilime linkasanduka mwala. Sipanala anadula tepi chopendeka ndi sizasi, namanga mapeto ake ndi tepi yamagetsi, akulakalaka kuti ina aimate pakamwa pa mwini njinga.

Chitseko chakumbuyo chinatseguka. Bambo ake analowa atanyamula mkombero wa tayala, magalasi ali pansonga ya mphuno.

"Kodi yadwalanso?"

"Mwaswera bwanji, Bambo?" Bakha anagwira m'manja.

"Taswera. Lero mwavala ngati anthu. Kakabudula kothina kaja mwakachapa?" Anazungulira njingayo ngati akuona mbuzi yodwala. "Ine ndinayamba kukonza njinga tsitsi likadali m'mutu muno. Njinga imakhala ndi belu. Imakhala ndi kaliyala. Iyi ilibe chilichonse. Nanga mukadzakwatira, mkazi mudzamukweza pati?"

Mpata unali umenewo, wotseguka ngati chipata cha sukulu.

"Kaliyala imalemeretsa njinga, Bambo," anayankha Bakha.

Sipanala anatseka maso.

*

Madzulo, chakudya chili patebulo, bambo ake sanadikire n'komwe kuti asambe m'manja.

"Munthu wamkulu, wandevu zake, kumathamanga popanda wom'pirikitsa. Akakwera njinga, mutu pansi, matako kumwamba. Woyenda osaona kutsogolo ameneyo ndim'patse mwana wanga?"

"Idyani, bambo," anatero mayi ake. "Inu simunkabwera kwathu kudzapopa matayala osaphwa? Njinga ya achimwene anga inaphulika chubu chifukwa cha chikondi chanu."

"Ine ndinapopa, kenako ndinalankhula! Uyu akungopopa." Analoza Sipanala ndi supuni. "Mwamuna wofuna mkazi amalowera khomo lakutsogolo, makolo ake ali pambali. Sabwera ndi tepi yolendewera. Iwe wasanduka pogwetsera nthawi podikira mpikisano wina."

"Bambo, simukumudziwa."

"Nanga iwe ukumudziwa? Kwawo unapondako?"

Sipanala anatafuna chakudya ngati akutafuna labala. Kwawo kwa Bakha anali asanapondekodi. Atatsuka mbale analowa kuchipinda n'kutenga foni.

*Bambo akuti ndiwe wamantha,* analemba.

Yankho linabwera msanga. *Tepi ikugwira bwino zedi. Manja ako ndi agolide.* Pamapeto panali kamtima kofiira.

*Wawerenga zomwe ndalemba?*

*Eya. Apatse moni.*

Foni inakagwera kumiyendo kwa bedi.

*

M'mawa mwake njinga ija inadutsanso pawindo. Sipanala anakonzeka kukalipa, koma wolowa sanali Bakha. Anali Kochi, mkazi yemwe ankaphunzitsa gulu lonse la ampikisano, wowongoka ngati sipoko, magalasi akuda ali pamutu, wenzulo ili pakhosi. Anakumanapo kangapo, koma nthawi zonse Kochi ankachita ngati ndi koyamba.

"Amakaniko ake ndinu?"

"Ndine, monga ndinalili sabata yatha."

"Tepi iyi ichoke." Kochi anagogoda nyanga ndi chikhadabo chopaka utoto. "Ndi yokhuthala ngati bulangete. Bakha wanga amafunika kuimva njinga m'manja. Muike iyi." Anatulutsa mpukutu wakuda, wopyapyala, nauika patebulo.

*Bakha wanga.* Sipanala anapukuta manja pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Yofiirayo ndaika dzulo, mwini wake ali pomwepo. Akudziwa zimenezi?"

"Njingayi masiku ano imagona kwanga, asisi. Ndipo manja ake ndimawadziwa ndine. Akatuluka matuza, womanga ndine. Akakomoka pomaliza, womuthira madzi ndine." Anamwetulira mano okhaokha. "Mtundu wofiira umamusokonezanso. Mutu wake sufunika zambiri sabata ya mpikisano."

"Zambiri monga chiyani?"

"Monga zilizonse zosakhudza mpikisano. Tinyamuka Lachisanu. Mukanatiperekeza, koma kagalimoto kanga n'kakang'ono. Ikalowa njinga, iye ndi ine, basi kadzaza. Njingayi adzaitenga yekha akaweruka."

Anatuluka, fungo la mafuta ake onunkhira n'kutsala likulimbana ndi la girisi. Bambo ake, omwe anali kuseri akumvetsera zonse, anangotsokomola kamodzi. Kutsokomola kumeneko kunali ndi mawu ambiri kuposa ulaliki.

Sipanala anaima kutsogolo kwa njinga ija, mtima ukuwira. Anaganiza zoikulunga mokhota kuti ikamasuke pakati pa mpikisano, koma manja ake sankadziwa kugwira ntchito yoipa. Anasenda nyanga yakumanzere, naikulunga ndi tepi yakuda ija, mosalala ngati yochokera kufakitale. Yakumanja anaisiya chifiirire. Ndiyeno anatenga foni n'kulembera Bakha.

*Udzatenge njinga yako.*

*Kochi anati akungofuna uone mabuleki. Ali bwino?*

*Udzatenge njinga yako.*

*Wakwiya?*

*Ayi.*

*Chabwino ndiye, ndinada nkhawa.*

Sipanala anayang'ana foni ija nthawi yaitali. Munthu wophunzitsa ana a eni sayansi!

*

Bakha anafika dzuwa litapendeka, choko chili m'malaya. Ataona nyanga zija, anaima chilili.

"Kodi... ndi sitayilo yatsopano?"

"Yakuda ndi ya Kochi wako. Yofiira ndi yanga. Sankha."

"Kochi wanga? Sipanala, uja ndi mphunzitsi chabe."

"Mphunzitsi wogona ndi njinga yako. Womanga matuza ako. Wopita nawe Lachisanu m'kagalimoto kosakwana anthu atatu. Ine ndamva kwa iye kuti mukunyamuka Lachisanu, Bakha. Kwa iye!"

"Ndimati ndikuuze. Njinga imakhala kwake chifukwa kwathu masitepe ndi ambiri. Zagalimotozo, anzathu ena akwera basi, ine anati..."

"Sindikufunsa za basi. Sankha tepi."

Bakha anagwira yakuda, naifinya. Anagwira yofiira, naifinya. Anaweramira panyanga zonse, zigongono patimapilo, akuyesa ngati ali pamsewu. Sipanala anaona kuti munthuyu akuganizadi za tepi.

"Kunena mwachilungamo," anayamba Bakha, "iliyonse ili ndi ubwino wake. Yopyapyalayi imathandiza posintha magiya, pomwe yokhuthalayi pa mtunda wautali..."

Sanamalize. Sipanala anatenga sizasi, nadula mapeto a tepi zonse ziwiri, nazisenda mokwiya mpaka nyanga zinatsala zitsulo zokhazokha. Anamuunjikira m'manja mpukutu wofiira, wakuda, sizasi ndi tepi yamagetsi.

"Kulunga wekha. Ndipo usakulungire muno, ndikufuna kusesa."

"Koma sindidziwa..."

"Kumasula umadziwa."

Anamukankhira panja pamodzi ndi njinga yake, natseka chitseko.

*

Sanasese. Anaima pambali pa windo, tsache lili m'manja, akusuzumira pakati pa matayala opachikidwa.

Bakha anatsamiritsa njinga pachipilala cha khonde n'kukhala pa kreti. Anayang'ana mipukutu iwiri ija. Wakuda anauika pansi. Wofiira anaumasula.

Mtima wa Sipanala unadumpha, iye n'kuukalipira kuti ukhale pansi.

Zomwe zinatsatira zinali zomvetsa chisoni. Bakha anayambira kolakwika, kutsinde m'malo mwa kunsonga. Tepi inamata chala, kenako malaya, kenako inadzimata yokha. Pena inkaunjikana ngati chotupa, pena chitsulo chili pamtunda. Anthu odutsa anayamba kuchepetsa liwiro. Mayi wogulitsa zipatso tsidya lina la msewu anasuntha mpando wake kuti aone bwino.

Bambo ake a Sipanala anatulukira kumbali kwa shopu akupukuta m'manja. Anaima, nayang'ana. Anapita. Anabwereranso. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akumva dzino likuwawa.

"Achimwene, mukumanga bala kapena mukukulunga njinga?"

"Ndikuyesa, Bambo."

"Pakhonde langa? Anthu aziti ntchito imeneyi yatuluka m'shopu muno? Masulani. Masulani zonse!"

Anakoka kreti ina n'kukhala. Sanamulande tepi. Anangogwira nyanga kuti isagwedezeke.

"Yambirani kunsonga. Ayi, chala chikhale apa. Kokani. Kokani, simukusisita mphaka! Muzizunguliza cholowera m'kati, kuti dzanja likamafinya lizilimbitsa, osati kumasula. Nyanga inayo mudzazunguliza mobwerera, zikhale ngati munthu ndi chithunzi chake pagalasi."

"Chonchi?"

"Phimbani theka. Mwasiya mpata, thukuta lidzalowa pamenepo." Anayang'ana mpukutu wakuda uli pansi. "Nanga uwo?"

"Ndikabweza kwa mwini wake."

"Hmm. Mapanga awiri avumbwitsa, achimwene. Mwachedwa kuzindikira, koma kokani."

Mizere inayamba kugona bwino. Thukuta linali kuyenderera pamphuno pa Bakha kuposa la pampikisano. Atafika popindika, manja ake anaima.

"Bambo."

"Musaime pakona, imakwinyika."

"Bambo, ine mwana wanu ndimamufuna. Ndikufuna kumukwatira. Ndikufuna makolo anga abwere kwanu."

Zonsezi anazinena akuyang'ana tepi. Kuseri kwa windo, tsache linagwa m'manja mwa Sipanala, ndipo anadziluma mlomo kuti asalire. Miyezi yonseyi, mawu omwe ankawadikira m'malo okongola, anatulukira pa kreti, munthu ali ndi zomata mpaka m'zigongono.

Bambo aja anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya, nawavalanso.

"Mpikisano ukatha?"

"Ayi. Tsiku lomwe munganene inu."

"Mawu apakhonde amapita ndi mphepo, ndipo inu mphepo mumaidziwa. Imbani foni kwanu. Pompano, ndimve ndi makutu anga." Anatembenukira kuwindo. "Iwenso tuluka. Matayalawo alibe maso, takuona kalekale."

*

Sipanala anatuluka akukonza tsitsi ndi kuseri kwa dzanja. Sanamuyang'ane Bakha, kuopa kuti angamwetulire nthawi isanakwane. Popeza zala za Bakha zinali zomatamata ndipo ankaopa kusiya tepi pakona, Sipanala ndiye anatulutsa foni m'thumba la malaya ake, naimba nambala yolembedwa kuti *Amayi*, naikweza mawu n'kuiika pachishalo.

"Halo, mwana wanga?" Mawu anali a mayi wansangala, kumbuyo kukumveka timasupuni m'makapu.

"Amayi, muli bwanji? Ndili ndi nkhani. Ndapeza... ndikufuna inu ndi Ababa mukaonane ndi makolo a mkazi amene ndikufuna kukwatira."

Kufuula komwe kunatuluka m'foni kunadzidzimutsa ndi mayi wazipatso yemwe.

"Mulungu wamva! Ndinadziwa ine! Ndinawauza bambo ako kuti chaka chino sichitha. Azakhali ako onse ndinawatsina khutu kalekale. Mwana waulemu ngati ameneyu, wondibweretsera mankhwala a mawondo, wondiperekeza kuchipatala. Ndiye Kochi wavomera liti, osandiuza?"

Kumwetulira kwa Sipanala, komwe kunali kutangoyamba, kunauma pomwepo.

"Ayi, Amayi. Si Kochi. Ndi Sipanala."

"Ndani?"

"Sipanala. Wa kushopu ya njinga. Ndimakuuzani nthawi zonse kuti ndikupita kwa Sipanala."

"Makaniko wako uja?" Timasupuni tinasiya kulira. "Iwe, kodi Sipanala si mwamuna?"

Bambo ake a Sipanala anasiya nyanga ija pang'onopang'ono. Njinga inapendama, tepi inapulumuka m'zala za Bakha, mizere yonse yomwe anavutikira n'kuyamba kumasuka umodziumodzi.

"Sunawauze," ananong'ona Sipanala. "Nthawi yonseyi amayi ako sakudziwa n'komwe kuti ndine mkazi."

"Ndimaganiza kuti akudziwa! Sanafunsepo!"

"Ndani akulankhulayo?" anafunsa mayi aja. "Ndi iyeyo? Mwana wanga, usandichititse manyazi. Kochi ali pompano, tikumwa tiyi, ndipo wamva zonse. Taona, akulira mwana wa eni." Kunamveka kufwenthera kosamala bwino, kokwanira kufika pafoni. "Usalire, mwanawe, nkhaniyi ndiikonza ine. Iwe, bambo ako usawauze kanthu. Mawa m'mawa ndikubwera kushopu komweko ndidzamuone ndi maso anga Sipanala ameneyu. Njira sindikuidziwa, koma Kochi andibweretsa pagalimoto."

Foni inaduka.

Bakha anatsegula pakamwa, koma bambo aja anakweza dzanja.

"Musalankhule, achimwene. Lero mwalankhula zokwanira chaka." Anadzuka, nanyamula kreti yawo. Pakhomo anatembenukira mwana wawo. "Mawa uvale ovololo yoyera ija. Ndipo ubise masipanala onse akuluakulu. Ndikukudziwa."